Wofa Yekha ndi wa Boma

"Mwanawe, udzafe mmene Mulungu wakonzera, koma usadzafe wekha m'nyumba. Wofa yekha si wa abale ake. Ndi wa boma."

Anandiuza mawu amenewa ndi mayi ena achikulire amene tonse tinkawatcha anganga, monga timaitanira agogo m'Chiyao. Ananena akufinya nsalu, osandiyang'ana n'komwe, ngati akundiuza kuti kunja kwayamba mvula. Tinali m'kachipinda ka kuseri kwa mzikiti kumene timasambitsira maliro a akazi, ndipo linali tsiku langa loyamba kugwira ntchitoyo. Ndinaganiza kuti akungofuna kundichotsa mantha aang'ono pondipatsa aakulu. Ndinayankha kuti, "Ndamva, anganga," koma sindinamve. Lero tsitsi langa layera ngati lawo, ndili ndi zidzukulu zimene zadziwa kale kundinamiza, ndipo mawu aja ndi amene amandidzutsa m'mawa uliwonse.

Ife ndife aja muno mu Lusaka amatitcha Achawa. Bambo anga anachokera ku Malawi atasenza makina osokera, ine ndili kumsana kwa mayi. Anakhala pakhonde la sitolo ina m'tauni, kusoka mabuluku ndi mayunifolomu a ana asukulu mpaka maso awo anachita nkhungu. Ndakulira muno, ndakwatiwira muno, mwamuna wanga ndamuika muno. Komabe ndikangotsegula pakamwa, kapena akangoona mmene ndamangira mpango kuphimba khosi, funso limabwera: "Nanga kwanu ni kuti, ba mbuya?" Ndikati ku Kabwata, amaseka. "Iyayi, kwanu kwenikweni."

Ntchito yosambitsa maliro ili ndi malamulo ake. Mkazi amasambitsidwa ndi akazi okhaokha. Madzi akhale ofunda, osati otentha, chifukwa anganga ankati wakufa amamva kuposa wamoyo. Thupi silikhala pambalambanda. Timaliphimba ndi nsalu, manja n'kumagwira ntchito kunsi kwake, maso ali kumbali. Tikatha timaluka tsitsi, n'kumukulunga munthuyo mu sanda, nsalu yoyera ija timaikira maliro, kenaka amuna amabwera kudzanyamula. Womwalira m'mawa, dzuwa likamapendeka amakhala atagona kale m'manda. Ndipo lamulo lalikulu ndi ili: chimene manja ako akhudza kunsi kwa nsalu chimathera m'chipinda momwemo. Sukauza mwamuna wako, sukauza mwana wa malemuyo, ngakhale mnzako amene akukuthirira madzi.

Lamuloli ndi labwino. Ndalisunga, ndipo n'chifukwa chake simupeza dzina la munthu m'zimene ndikulembazi. Koma manja saiwala. Ndakhudza mawere olimba ngati mango aawisi, ena ataphulika n'kumangidwa ndi zigamba za chitenje chakale. Ndakhudza mimba zotupa za akazi amene anasiya kubereka kalekale. Ndachotsa nsanza zimene mkazi ankatchingira magazi miyezi ndi miyezi, uku akuphika, akugulitsa zitumbuwa, akuchapa zovala za eni ake. Panja amuna amakhala akufunsana kuti chatenga mayiwa n'chiyani. Wina amati malungo. Wina amati shuga. Wina amati nthawi inangokwana. Ife timatuluka, kusamba m'manja, n'kukhala chete. Pofika madzulo nthenda ija yakwiriridwa pamodzi ndi mwini wake, ndipo mkazi wotsatira ikadzamugwira amayesa kuti ndi woyamba.

Kusambitsa maliro si ntchito yodyera. Yodyera inali ku Kabulonga, kumene ndinachapa ndi kusita m'nyumba ya amadamu ena kwa zaka zambiri. Anali munthu wakuda ngati ine, kungoti iwo anaphunzira ndipo anakwatiwa ndi bwana. Sanali oipa mtima. Ankandipatsa madiresi awo akale, ndipo pamaso pa alendo ankanditcha "amayi athu". Kapu yanga yomwera tiyi inkakhala payokha, pansi pa sinki.

Amadamu amenewa tsiku lina anapeza kachotupa m'bere akusamba. M'mawa mwake anali kale kwa dokotala wamkazi, kuchipatala cholipira ku Woodlands. Mwezi usanathe anakwera ndege kupita kunja. Anabwerako atawonda, tsitsi litathothoka, bere limodzi palibe. Ine ndi amene ndinkawasinthira zofunda, kuwaphikira phala, kutaya beseni akasanza. Anachira. Ali moyo mpaka lero, ndipo sindikuwachitira nsanje moyo wawowo. Ndikungonena zimene ndinaona.

M'chaka chomwecho anganga anayamba kutaya magazi. Sanandiuze. Ndinaona ndekha atanyamuka pamkeka, titatha kusambitsa maliro ena. Ndinawakokera pambali.

"Anganga, izi zayamba liti?"

"Ziti?"

"Musandiyese mwana. Taonani chitenje chanu."

Anachiyang'ana, n'kuchitembenuza kuti banga libisike. Kenaka anaseka pang'ono. "Ukalamba wandibwezera utsikana. Mwina ndipezanso mwamuna."

"Mawa tipite kukiliniki."

"Kukavula pamaso pa yani?"

Anganga ankakhala okha m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina ku Chelstone, ndipo ankagulitsa samusa pamalo okwerera basi. Mwamuna wawo anali atamwalira, mwana mmodzi anabwerera ku Malawi, wina ali kumigodi. Ndinawanyengerera mpaka anavomera. Nditapempha tsiku kuntchito, amadamu anati Lachitatu sizitheka chifukwa ndi tsiku lochapa makatani, ndipite Lachisanu, poti ife Achawa timakonda kale kusowa Lachisanu.

Tinafika kukiliniki m'mamawa, n'kupeza mzere wafika kale kugeti. Pazenera lolembera makhadi panali bambo wina amene anawerenga dzina la anganga mokweza, akulipotoza dala, anthu n'kuseka.

"Reji ili kuti?" anafunsa, kunena chitupa cha unzika. "Olo mwabwela chabe kutenga mankhwala yaulele mupeleke ku Malawi?"

Anganga anamasula kansalu m'chiuno, n'kutulutsa chitupa chawo chitafumbwa m'mbali. "Chigwire bwino," anatero. "N'chachikulu kuposa iwe."

Anthu anasekanso, ulendo uno akuseka iye. Ine ndinadziwa kuti tilipira kusekako. Khadi lathu linapita pansi pa mulu, ndipo dzuwa linafika paliwombo tili pabenchi.

Titalowa tinapeza woona odwala ali mwamuna wamng'ono, msinkhu wa mdzukulu wawo. Chitseko sichinkatsekeka bwino. Katani ya pabedi inali yaifupi, yolekeza m'mawondo, ndipo amene anali pabenchi panja ankamva chilichonse.

"Ba mbuya, chavuta ni chani?"

Anganga anandiyang'ana. Ine ndinati, "Ndi nkhani ya azimayi. Tikupempha kuti awaone munthu wamkazi."

Mwamunayo sanatinyoze. Anangopumira m'mwamba, n'kuitana nesi amene ankadutsa ndi thireyi ya majekeseni. Nesiyo anaima pakhomo, chitseko chili chotsegula.

"Apa si pa mzikiti," anatero mokweza. "Ngati mufuna kusankha, kuli vipatala vamene basankha, ku Woodlands uko. Ise tili na bantu bambili. Manje muvula olo simuvula?"

Pabenchi mayi wina anaponyapo lake: "Aba ba Chawa bavala monga ni Juni chaka chonse. Kuvula chabe bazatenga mpaka mailo," kunena mawa.

Anganga anaimirira pang'onopang'ono, n'kumangitsa mpango wawo. "Tiye, mwanawe," anandiuza. "Ine ndavula akazi ambiri m'tauni muno, ndipo palibe mmodzi amene ndinamuvula chitseko chili pululu."

Tinatuluka ndi kapepala ka mapiritsi oletsa ululu. Ndikudziwa kuti nesi uja anali atatopa. Anali yekha, mabenchi odzaza, ana akulira. Ndikudziwa zonsezo. Kudziwako sikunaletse magazi.

Ndinapita kwa akuluakulu a kumzikiti kukawapempha kuti athandize anganga akaonedwe kwina, kumene kuli dokotala wamkazi. Anandimvera nditakhala pakhomo, iwo ali mkati. Ndisanamalize, mmodzi anakweza dzanja. "Mayi, nkhani za kunsi kwa chitenje muzikambirana nokha azimayi." Wina anandipatsa botolo la madzi owerengera mapemphero kuti ndikawamwetse. Mwezi womwewo amuna amenewa anakumana kangapo kukambirana za denga la mzikiti limene linkadontha. Amayi amene anasambitsa amayi awo, akazi awo ndi alongo awo ankadontha nawonso, koma zimenezo sizinkanyowetsa mkeka wa munthu aliyense.

Anganga anakana kubwerera kukiliniki. Anasiya kubwera kumaliro, kenaka anasiya kugulitsa samusa. Ndinkapita kukawaona Lamulungu lililonse, tsiku lokhalo limene ndinkapuma. Ndinkawapeza atagona chammbali, chipinda chikununkha sopo ndi china chimene sopo ankalephera kubisa.

Sabata ina amadamu anakonza phwando lothokoza Mulungu kuti anachira. Kunabwera abusa, kunabwera kwaya, kunakhomedwa tenti pakapinga. Ndinagwira ntchito Loweruka ndi Lamulungu, kutsuka mbale mpaka zala kuchita makwinya. Ku Chelstone sindinapiteko.

Mwini nyumba ndi amene anaona ntchentche pazenera la anganga. Chitseko chinali chokhoma mkati. Anachita chimene munthu aliyense wa muno amachita: anaitana apolisi. Apolisiwo anathyola chitseko, anawakulunga m'bulangete lawo lomwe, amuna anayi n'kuwakweza kumbuyo kwa galimoto, anthu a m'njira akuonerera. Poti panalibe chipatala chimene chinkadziwa nthenda yawo, ndipo panalibe munthu amene anawaona akutsirizika, anati afufuze chimene chawapha. Anawasunga kumochale, m'chipinda chozizira chija. Akuluakulu a kumzikiti, aja a denga, tsopano anayamba kuthamanga, ofesi iyi, ofesi iyo, kupempha thupi. Masiku anadutsa.

Atabwera nawo, ndine ndinawasambitsa. Ichi chokha ndiulula, chifukwa sichinali chilema cha thupi lawo, inali ntchito ya manja a anthu. Kuchokera pakhosi mpaka kunsi kwa mchombo panali ulusi wakuda, wosokedwa motalikirana ngati thumba la makala. Ine mwana wa telala, ndinaona kuti wosokayo ankafulumira. Ndinatenthetsa madzi, n'kutenthetsanso ena, koma thupilo linakana kufunda. Mayi amene anakana kuvula pamaso pa mwamuna mmodzi anagona pathebulo lachitsulo, opanda ngakhale kansalu, pamaso pa amene sitidzawadziwa.

Ofufuzawo anati inali khansa ya khomo la chiberekero. Mwana wawo wa kumigodi anamva, anagwedeza mutu, ndipo kumanda atafunsidwa anayankha kuti anali malungo.

Amadamu nditawafotokozera, anamva chisoni ndithu. Anati, "Koma imwe bantu muleke kubisa matenda. Onani ine, ninayenda mwamsanga." Ndinali ndikusita malaya a abwana. Ndinati, "Zoona, madamu," n'kutembenuza kolala.

Zaka zapita. Mawondo anga atayamba kukana, amadamu anagula makina ochapira, ine n'kupuma. Mwamuna wanga anamwalira. Tsopano ndimakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ina ku Kabwata. Mwana wanga wamwamuna amayendetsa malole ochokera kumafakitale kupita kumalire a dziko, ndipo amatha masabata ali pamsewu. Mkazi wake ndi ana ali ku Makeni.

Changa ndinachipeza Lachisanu lina m'mawa, ndikusamba. Bere lakumanzere, chakufupi ndi m'khwapa. Sindinafunse munthu kuti n'chiyani. Manja anga anachizindikira monga umazindikirira mawu a m'bale wako kuseri kwa mpanda. Ndinamaliza kusamba, ndinavala, ndinapemphera, ndinasesa.

Mwana wanga atabwera ndinamuuza. Anayang'ana pansi, akusewera ndi makiyi.

"Amayi, tiyambe tadikira mwezi wosala uthe."

"Chotupachi sichikusala nawo."

"Komanso kumeneko akakuonani ndi amuna. Anthu adzati chiyani?"

"Adzati malungo."

Sanamve chimene ndinkatanthauza. Anati adzandiperekeza akabwerako ku ulendo wotsatira. Akubwerabe.

Ndinapita ndekha. Ndinene zoona, sindinapite kukafuna kuchira. Kuchira ndinakuona ku Kabulonga, ndipo ndikudziwa njira imene kumadzera. Ine ndinapita kuti nthenda yanga idziwike, ilembedwe penapake, kuti tsiku langa likadzafika pasadzakhale wofuna kunditsegula kuti aifunefune.

Kukiliniki sindinapemphe munthu wamkazi. Phunziro limenelo ndinaliphunzira kale. Atati vulani ndinavula, maso ndili kudenga. Ananditumiza kuchipatala chachikulu, n'kundipatsa tsiku lakutali. Tsikulo litakwana anandipatsa lina. Nditalowa pamapeto pake, ndinapeza dokotala wamkulu ali ndi gulu la ophunzira ake, anyamata ndi atsikana ovala zoyera. Anandigoneka, chifuwa chili pamtunda. Wamkuluyo anadina, n'kuuza ophunzirawo kuti nawonso adine, mmodzimmodzi, manja ozizira. Ankalankhulana Chingerezi pamwamba pa mutu wanga. Ine amene sindinasiyepo mtembo wosaphimba, ndinagona pamenepo ndili moyo, ndikumva chilichonse.

Mmodzi anawerenga dzina pakhadi, n'kundiyang'ana mpango. "Ba mbuya, munachedwela chani? Imwe bantu mumayamba ku ng'anga, mukabwela kuno vinthu vaonongeka kale."

Munthu wovula sayankha. Akanafuna kudziwa kumene ndinachedwera, akanatuluka panja n'kufunsa mabenchi awo.

Pamene ankatuluka, mtsikana wina mwa ophunzirawo anatsalira pang'ono, anakoka chitenje changa n'kundiphimba mpaka m'mapewa. Ndakhala ndikuganiza kuti ankafuna chiyani kwa ine, ndipo sindinachipeze.

Anadula kachidutswa kuti akapime. Zotsatira zinachedwa. Zitabwera anati ndi khansa, ndipo ndibwere ndi wachibale womva Chingerezi kuti amufotokozere bwino. Ndinati wachibaleyo ali kumalire ndi lole, andifotokozere ine mwini bere. Anandifotokozera mwachidule, ngati kwa mwana. Kuchokera apo ndakhala ndikuyenda. Lero makina ootchera chotupa afa. Mawa mankhwala sanafike. Mkuja dokotala ali kumsonkhano. Pabenchi timakhalapo ambiri, a mitundu yonse, Akatolika ndi makolona awo, amayi a kumakomboni onyamula mabotolo a maheu, ndipo onsewo akuvutika, sindikukana. Koma wina akatulukira wodziwana ndi nesi, wa tchalitchi chimodzi kapena wa chilankhulo chimodzi, amalowa. Ine ndilibe msuweni wovala zoyera. Ana athu aakazi tinkawachotsa kusukulu msanga kuti akakwatiwe, ndiye lero tikafuna nesi wathu timupeza kuti?

Tsiku lina ndinakwera basi kupita ku Kabulonga. Sindikudziwa chimene ndinkayembekeza. Mlonda anali watsopano, anandiimika pageti ngati wogulitsa masamba. Amadamu anatuluka atanenepa, tsitsi litamera lonse. Anandikumbatira, analira pang'ono. Ananditchulira dzina la dokotala wawo wa ku Woodlands, anati ndi wabwino kwambiri, ndikangotchula dzina lawo andilandira. Sanafunse kuti ndikalowa bwanji pakhomo limenelo. Kenaka anachotsa kansalu kapinki kamene anabaya pachifuwa, kosonyeza kuti anapulumuka ku nthendayi, n'kundibaya nako pa diresi. Anati andipempherera. Kansaluko ndinamangira thumba la mchere.

Mwa onse amene ndakumana nawo, wandithandiza ndi nesi wina wachikulire wochokera kummawa, amene amalankhula Chinyanja chonga chathu. Ndinamupeza yekha akupinda zofunda, n'kumufunsa chimene ndinadzera.

"Mayi, ndikafera kunyumba, khadi ili likwanira kuti asandidule?"

Anasiya kupinda. "Agogo, mwayamba kale kulongedza?"

"Ndayankheni chabe."

Anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu. "Abale akabwera nalo tsiku lomwelo, nthawi zambiri dokotala amalemba chimene chakutengani, poti nthendayo tikuidziwa. Thupi amakupatsani. Koma mukapezeka patapita masiku, chitseko chokhoma, palibe anaona, pamenepo onena amakhala apolisi. Ine sindingalonjeze."

"Simunalonjeze. Ndamva."

Ndiye pakufunika zinthu ziwiri. Khadi ndili nalo. Lili m'pepala la pulasitiki, pamsomali wa kuseri kwa chitseko. Sanda ndinagula kale, ndinaisankha ndekha chifukwa amuna akatumidwa amabwera ndi nsalu yopyapyala yoonekera. Ili m'sutikesi pansi pa bedi. Akazi awiri a kumzikiti ndawaphunzitsa ntchito, ngakhale mmodziyo ali ndi pakamwa. Chachiwiri ndi chimene sindingathe kudzichitira ndekha: kupezeka tsiku lomwelo.

Mudzati, bwanji osapita kwa mwana wako ku Makeni? Ndinapita. Mpongozi wanga anandilandira ndi mawondo pansi, nkhuku inaphedwa. Patangopita masiku ndinaona kuti mbale yanga yayamba kutsukidwa payokha. Zidzukulu zinaletsedwa kugona pamphasa panga, ati agogo apume. Ndinakhalapo kale m'nyumba imene kapu yanga inali pansi pa sinki, ndipo kumeneko ankandilipira. Tsiku lina ndinamumva mpongoziyo akufunsa mwamuna wake kuti makina osokera a bambo anga adzakhala a yani. Ndinamanga katundu wanga.

Mudzatinso, nanga eni nyumba a ku Kabwata? Ndi mayi wopemphera, wa kummawa, Lachinayi amavala bulauzi yoyera kupita kumsonkhano wa azimayi a kutchalitchi kwawo. Amandibweretsera phala nthawi zina. "Ba mbuya, mwauka bwanji?" Pakamwa pakufunsa zimenezo, maso akuyeza chipinda. Ali ndi mphwake amene akufuna malo. Phalalo ndimalandira, ndimathokoza, ndimadyetsa nkhuku zawo, n'kuona ngati nkhukuzo zadzuka m'mawa mwake. Mpaka pano zikudzuka. Koma mayi ameneyu akadzaona chitseko changa chili chotseka, adzati Mchawa uja akusala, kapena akupemphera, tisamusokoneze. Ntchentche zikadzabwera adzaitana apolisi, chifukwa ndi chokhacho akudziwa.

Ndipo musandiuze kuti ndizisiya chitseko chosakhoma. Ndinasiyapo tsiku limodzi ndikupita kumpopi, ndinapeza mbaula palibe.

Bereli tsopano likulemera. Dzanja lakumanzere latupa, ndipo m'mawa wina ndimatenga nthawi kuti ndikhale tsonga. Tsiku langa lotsatira kuchipatala ndi mwezi wamawa, ngati makina adzakhale atadzuka. Ndidzapita. Ndimapita nthawi zonse, kuti khadilo lisakalambe.

Tsono inu amene mukuwerenga, ena mwa inu mumadutsa ku Kabwata m'mawa, popita kumsika kapena kokwera basi. Pali kanjira kena kodutsa kuseri kwa nyumba, pamene pali zenera laling'ono la chipinda chimodzi. Ndili ndi kaketulo ka pulasitiki kobiriwira, kamene ndimasambira m'manja ndi kumapazi ndisanapemphere. M'mawa uliwonse ndikatha pemphero loyamba ndimakaika pazenerapo, kunja kwa katani. Dzuwa likamalowa ndimakalowetsa.

Mukakaona, pitirirani. Musagogode, musandibweretsere chakudya, sindidya. Musandibweretsere mankhwala a m'botolo ochokera kwa mneneri wanu kapena kwa shehe wathu. Musandifunse kuti kwathu kwenikweni ndi kuti.

Koma ana asukulu akadzadutsa, dzuwa n'kukwera, kaketuloko palibe, gogodani. Ndikapanda kuyankha musapite kuntchito n'kumati mudzaonanso madzulo. Chitsekocho n'chofooka chakumunsi, mwendo umodzi ukwana. Amuna atsale panja. Alowe mkazi, wa mtundu uliwonse, wa chipembedzo chilichonse, ndipo asanachite china chilichonse atenge chitenje chili pampando andiphimbe kuyambira pakhosi mpaka kumapazi. Ngati ndikupuma, ndinyamuleni kupita kuchipatala pamodzi ndi khadi lija, ndikathere pabedi lawo, kumene sangakane kuti sakundidziwa. Ngati ndasiya, tumani munthu kumzikiti akaitane azimayi, ndipo khadilo lipite kuchipatala ndi wachibale kapena aliyense wa miyendo yopepuka dzuwa lisanapendeke. Madzi awauze akhale ofunda, osati otentha.

Makina osokera, sutikesi ndi mbaula yatsopano ndikudziwa kuti wina mwa inu adzaziyang'ana kawiri. Zimenezo mudzakangane nditapita. Sindikukudziwani, ndipo sindikukukhulupirirani. Anganga analibe wodutsa pazenera lawo. Ine ndapempha. Lero kaketuloko ndakaika, mawa mudutsenso muyang'ane.